Joseph Szydlowski, bambo wa injini ya helikopita

Akuluakulu amene anaona nkhondo ya ufulu ya 1964 mpaka 1974 sanaiwale kulira kwa helikopita ya Apwitikizi yotchedwa Alouette III. Lero tikuuzani za munthu amene anapanga injini yake.

A Joseph Szydlowski anabadwa m'chaka cha 1896 ku Chełm, m'dziko la Poland, m'banja la Chiyuda. Atagwira ntchito ku Germany anasamukira ku France, kumene m'chaka cha 1938 anatsegula kampani ya Turbomeca. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anathawira ku Switzerland poopa asilikali a Hitler, ndipo pambuyo pake anabwerera ku France.

Nthawi imeneyo makampani akuluakulu ankalimbirana kupanga injini zazikulu za jeti. Iwo anasankha zing'onozing'ono. Injini yotere ilibe mapisitoni ngati ya chigayo. Gudumu la mapiko limakoka mpweya n'kuupanikiza, mpweyawo umasakanizidwa ndi mafuta onga palafini n'kuyaka, ndipo mpweya wotenthawo umazunguza gudumu lina limene limapereka mphamvu. Vuto linali lakuti injini ikachepa, mpweya wambiri umapulumukira m'mbali mwa timapiko. A Szydlowski anagwiritsa ntchito gudumu lolimba loponyera mpweya m'mphepete, ndipo injini inatuluka yopepuka koma yamphamvu.

Injini yawo ya Artouste inaikidwa mu Alouette II, imene inauluka koyamba mu Malichi 1955. Iyi inali helikopita yoyamba ya injini yotere kupangidwa yambirimbiri. Mu Juni chaka chomwecho inakwera mamita 8,209. Kumbukirani kuti nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, limene timaliona tili pano pa Milange, ndi mamita 3,002 basi.

Alouette III inauluka mu 1959. Ku Ulaya inkapulumutsa anthu osowa m'mapiri a chisanu. Kuno kwathu inkatula asilikali achitsamunda ku Niassa, Tete ndi Cabo Delgado, ndipo ina inkanyamula mfuti yaikulu. Asilikali a Rhodesia anaigwiritsanso ntchito pa chiwembu cha ku Chimoio mu 1977.

A Szydlowski anamwalira ku Israel mu 1988. Kampani yawo inasintha dzina mu 2016 kukhala Safran Helicopter Engines, ndipo ikupangabe injini ku Bordes, kumwera kwa France. Injini za mtundu umenewu ndi zomwe zimayendetsa mahelikopita amene amatula ufa ndi mankhwala madzi akasefukira n'kudula misewu m'chigawo chathu cha Zambezia.