Robert Laws: m'busa amene anadikira zaka zoposa 5 kuti abatize munthu mmodzi

Pa 12 October 1875, sitima yaing'ono yotchedwa Ilala inalowa m'nyanja ya Malawi itanyamula amishoni ochokera ku Scotland. Mmodzi mwa iwo anali Dr Robert Laws, mnyamata wa zaka 24, mwana wa mmisiri wa matabwa wa mumzinda wa Aberdeen, yemwe anaphunzira zaudokotala ndi zaubusa movutikira chifukwa cha kuchepekedwa kwa makolo ake.

Gululi linamanga misasa ku Cape Maclear ndipo linatcha mishoniyo Livingstonia pokumbukira David Livingstone. Malowo anali okongola m'maso koma odzala ndi malungo. M'chaka cha 1877 anamwalira Dr William Black komanso Shadrach Ngunana, mlaliki wachiXhosa wochokera ku Lovedale. Manda amachuluka pamene obatizidwa kunalibe. Mpaka mu March 1881 ndi pamene a Laws anabatiza Mkhristu woyamba, Albert Namalambe.

Munthu wowerengera phindu akanalongedza katundu n'kubwerera kwawo. A Laws ankakhulupirira kuti ntchitoyo mwini wake ndi Mulungu, ndipo nthawi yokolola amaidziwa ndi Iyeyo. Chikhulupiriro chimenechi sichinawakhazike chete. M'chaka chomwecho anasamutsira mishoni ku Bandawe pakati pa Atonga, ndipo mothandizidwa ndi William Koyi anapitiriza kukambirana ndi Angoni a Inkosi M'mbelwa, omwe anatenga zaka asanalole sukulu m'dziko lawo.

Nakonso kunyumba misozi sinkauma. Iwo ndi mayi Margaret Gray, omwe anakwatirana nawo ku Blantyre mu 1879, anataya ana angapo. Anakula ndi mmodzi yekha, Amelia. Ku Bandawe nako malungo sanawasiye, kotero mu 1894 anasamukanso kukwera phiri la Khondowe. Kumeneko anakhazikitsa sukulu ya Overtoun, imene inaphunzitsa aphunzitsi, alaliki, akalaliki ndi amisiri omwe anafalikira mpaka ku Zambia ndi ku Tanzania.

Komabe mbiri siibisa kuti munthu amene anaphunzira kudikirayu anadikiritsanso ena mopitirira muyeso. Charles Domingo, mmodzi mwa ophunzira anzeru kwambiri pa Khondowe, anamaliza maphunziro aubusa koma anakhala zaka osadzozedwa mpaka anatuluka mumpingowo. Abusa oyamba achikuda a mishoniyi, Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya, anadzozedwa mu 1914, patatha zaka pafupifupi 40 chifikireni mishoni. Kudikira nthawi ya Mulungu ndi kuchedwetsa anzako ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo apa amishoniwo anazisakaniza.

Mu 1924 mishoni za Livingstonia ndi Blantyre zitagwirizana kupanga mpingo wa CCAP, a Laws anasankhidwa kukhala mtsogoleri wake woyamba. Anachoka m'dziko muno mu 1927 atatumikira zaka 52, ndipo anamwalira ku London pa 6 August 1934.

Loto lawo lalikulu, loti pa Khondowe padzakhale sukulu yaukachenjede, anapita nalo kumanda lisanakwaniritsidwe. Yunivesite ya Livingstonia inatsegulidwa mu 2003, patatha zaka 69 mwini lotoyo atagona.