David Clement Scott: mbusa amene adamanga tchalitchi cha Blantyre ndi manja a eni dziko

BLANTYRE, Malawi – Alendo ambiri ofika mumzinda wa Blantyre amapita kukaona tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chidatsegulidwa pa 10 Meyi 1891. Munthu amene adalinganiza nyumbayi, Mbusa David Clement Scott, sadaphunzire za zomangamanga, ndipo amene adaumba njerwa ndi kuimika makoma adali amuna a m'midzi yozungulira omwe adali asanagwirepo ntchito yotere. Mbiri ya mbusayu ikuonetsa kuti kamangidwe ka nyumba kamauza munthu wolowamo mmene omanga ake akumuonera.

A Scott adabadwira mumzinda wa Edinburgh ku Scotland m'chaka cha 1853, ndipo adaphunzira za ubusa pa yunivesite ya mumzindawo. Mpingo wa Church of Scotland udawatumiza ku Blantyre mu 1881, nthawi imene mishoni ya kumeneko, yomwe idakhazikitsidwa mu 1876 m'dera la Mfumu Kapeni, idali pamanyazi aakulu. Azungu ena a pamishonipo adadzisandutsa oweruza milandu: ankakwapula anthu ndi zikoti, ndipo munthu wina adamuwombera atamuganizira mlandu wakupha. Nkhaniyi itamveka ku Britain mu 1880, mpingo udachotsa mtsogoleri wa mishoni, Mbusa Duff MacDonald, pamodzi ndi anzake ena. Motero a Scott adalandira malo amene anthu ankawaopa.

Ntchito yawo yoyamba idali yobwezeretsa chikhulupiriro cha anthu. Iwo adaphunzira Chimang'anja mozama, ndipo pakabuka mkangano ankakhala pansi ndi mafumu n'kuukamba monga mlandu, motsata mwambo wa eni dziko. Mu 1884 adayenda ulendo wokacheza ndi Mfumu Chikusi ya Angoni pofuna mtendere. Khama lawo pa chiyankhulo lidabala mtanthauziramawu wamkulu wotchedwa A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language, amene adasindikizidwa mu 1892 ndipo Mbusa Alexander Hetherwick adaukonzanso mu 1929.

Ntchito yomanga tchalitchi idayamba mu 1888 ndipo idatenga zaka zitatu. A Scott sadajambule mapulani atsatanetsatane isanayambe. M'malo mwake, mbali iliyonse yovuta ankayamba aiyesa posanjikiza njerwa zopanda matope, ndipo akaona kuti yakhala bwino, amisiri ankaimanga kwenikweni. Njerwa zonse zidaumbidwa pamalo pomwepo ndi dothi la m'deralo, n'kuwotchedwa m'mauvuni a nkhuni. Akatswiri amati njerwazo zidali za mitundu pafupifupi 81, zina zowongoka, zina zokhota, zina zokongoletsera.

Nyumbayo idatuluka yotalika mamita pafupifupi 32, yotambalala mamita 9, ndipo msonga ya denga lake ili pa mamita 11 kuchokera pansi. Kutsogolo kuli nsanja ziwiri zosafanana, pamwamba pali denga lobulungira ngati mphika wovundikira, ndipo m'kati muli mizati yolumikizana pamwamba mokhota ngati uta. Wolowamo amakweza maso asanaganize n'komwe, amatsitsa mawu, ndipo makoma okhuthala amamupatsa kamphepo kozizirira ngakhale m'mwezi wa Okutobala.

Masiku ano ofufuza atsimikiza kuti malo amene munthu ali amakhudza thupi ndi maganizo ake. Mu 1984, katswiri wa ku America, Roger Ulrich, adaonetsa kuti odwala amene adachitidwa opaleshoni pa chipatala china ku Pennsylvania ankatuluka msanga ndi kumwa mankhwala amphamvu opha ululu ochepa ngati zenera la chipinda chawo lidayang'ana mitengo, kusiyana ndi anzawo amene ankangoona khoma. A Scott adalibe kafukufuku wotere, koma zochita zawo zidatsata nzeru yomweyo. M'nthawi imene azungu ambiri ankati munthu wakuda chomuyenera ndi chisakasa cha udzu, iwo adafuna kuti akhristu a ku Blantyre apemphere m'nyumba yokongola monga za ku Ulaya, ndiponso kuti aziidziwa kuti ndi ntchito ya manja awo. Mutu umodzi susenza denga: ngakhale dzina lotchuka ndi la a Scott, luso limene likuoneka pa makomawo ndi la amisiri a Chimang'anja, Chiyao ndi mitundu ina amene adaphunzirira ntchitoyo pomwepo.

Ulemu umene udali m'makoma a Scott adaufunanso m'kayendetsedwe ka mpingo. Adaumirira kuti azungu ndi anthu akuda apemphere pansi pa denga limodzi ndi kudyera pamodzi mgonero, zomwe zidanyansa azungu ena a m'minda ya khofi. M'zaka za 1893 ndi 1894 adapatula madikoni achikuda n'kuwapatsa udindo weniweni. Ena mwa iwo adali Mungo Chisuse, yemwe adayendetsa makina osindikizira mabuku, John Gray Kufa, wothandiza pa zachipatala, ndi Harry Kambwiri Matecheta, amene adadzozedwa ubusa mu 1911.

Boma la atsamunda, lomwe lidakhazikika mu 1891 pansi pa Harry Johnston, lidaiona nyumba ya munthu wakuda mwa njira ina: lidaiika pa msonkho, ndipo nyumba za olephera kukhoma nthawi zina zinkatenthedwa. A Scott, ngakhale adali m'gulu la amene adafuna chitetezo cha Britain poopa Apwitikizi, adadzudzula nkhanzazi kudzera m'nyuzipepala ya mishoni ya Life and Work, ndipo adatsutsanso zoti dzikolo liperekedwe m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes.

Msonkho womwewo ndi umodzi mwa zinthu zimene zidakankhira amuna zikwizikwi a ku Nyasaland kumigodi ya ku Southern Rhodesia, dziko lomwe kampani ya Rhodes inkalamulira. M'dera la Gatooma ndi Hartley, matauni amene kuyambira 1982 amatchedwa Kadoma ndi Chegutu, mudali migodi ya golide monga Cam and Motor ndi Giant. Katswiri wa mbiri yakale, Charles van Onselen, m'buku lake la 1976 lotchedwa Chibaro, adafotokoza kuti makomboni a m'migodi ikuluikulu ya dzikolo ankamangidwa n'cholinga choti wantchito azioneka nthawi zonse ndiponso asathawe. Anthu ankagona mothithikana m'zipinda zozizira, ndipo chibayo chidali matenda amene adapha ambiri. Komboni ndi tchalitchi cha Blantyre zonse zidamangidwira anthu amodzimodzi, koma china chidauza munthu kuti ndi chida chogwirira ntchito, china chidamuuza kuti ndi mwini nyumba.

Maganizo a a Scott adawapezetsa adani kwawo komwe. Ena mumpingo ku Scotland adadandaula kuti tchalitchicho ndi mapemphero ake zidachuluka zokongoletsa zosayenera mpingo wa Chipresibiteriyani, ndipo mu 1897 kudabwera nthumwi zodzafufuza mishoniyo. Maliro nawo adawatsata. Mlamu wawo, Dokotala John Bowie, adamwalira mu 1891, ndipo mu 1895 adataya mkazi wawo, Isobel, komanso mng'ono wawo, Dokotala William Affleck Scott. Atafooka m'thupi, adachoka ku Blantyre mu 1898.

Mu 1901 mpingo udawatumiza ku Kikuyu m'dziko la Kenya. Kumeneko adayamba ulimi waukulu pa malo otambalala amene mishoni idatenga m'dziko la Akikuyu, ndipo ntchitoyo sidapindule. Mbali imeneyi ya moyo wawo ikukumbutsa kuti naonso adali munthu wa nthawi ya atsamunda. Adamwalirira ku Kikuyu komweko mu 1907, ali ndi zaka 54.

Phunziro la njerwa za ku Blantyre silidathere pa a Scott. Mbusa John Chilembwe naye adamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, ndipo kuukira kwa 1915 kutalephereka, boma lidachiphwasula ndi mabomba. John Gray Kufa adali mmodzi mwa amene adaphedwa pa mlandu wa kuukirako. Kuphwasulidwa kwa nyumbayo kukusonyeza kuti atsamunda ankadziwa bwino zimene nyumba yotere inkachita m'mitima ya anthu.

Tchalitchi cha St Michael and All Angels chikadalipo, m'manja mwa Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP, ndipo ndi chimodzi mwa zipilala zotetezedwa za dziko la Malawi. Mu 2022 katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Harri Englund, adatulutsa buku lofotokoza moyo wa a Scott ndi nkhondo yawo yolimbana ndi tsankho. Kwa amene akumanga sukulu, zipatala ndi nyumba za antchito ku Blantyre, Lusaka, Tete kapena Kadoma, funso limene mbusayu adaliyankha ndi njerwa likadali lofunika kulifunsa asanakumbe maziko: kodi wolowa m'nyumbayi adzadziona kuti ndi munthu wotani?