Marie Curie, mayi amene anaphunzitsa dziko kuyeza cheza chosaoneka

Pomanga msewu kapena damu, akatswiri amayenda ndi kabokosi, kawirikawiri kachikasu, koyezera ngati dothi latsindirika bwino. M'kati mwake mumakhala kachidutswa ka caesium-137 kotulutsa cheza chosaoneka chotchedwa rediyeshoni. Kampani singasunge kachipangizoka popanda chiphaso cha boma, koma m'mayiko ambiri akuba amatiba m'magalimoto. Nkhani ikamveka, ena amati atolankhani akukokomeza, ena amati akuluakulu akubisa zoona. Mayi amene anayambitsa luso loyeza chezachi, Marie Curie, anazidziwa zonse ziwiri: kuopsa kwa miyala yotulutsa cheza, komanso ululu wa nkhani zam'nyuzipepala.

Anabadwa pa 7 Novembala 1867 mumzinda wa Warsaw ku Poland, dzina lawo Maria Skłodowska. Nthawiyo dzikolo linali pansi pa ulamuliro wa Russia ndipo akazi sankaloledwa kuyunivesite. Anagwira ntchito yophunzitsa ana m'nyumba za olemera mpaka 1891, pamene anapita ku Paris kukaphunzira ku Sorbonne. Mu 1895 anakwatiwa ndi wasayansi Pierre Curie.

Mu 1896 Henri Becquerel anapeza kuti yureniyamu imatulutsa cheza. Mayi Curie anaganiza zoyeza kuchuluka kwake ndi chipangizo chomwe amuna awo anapanga pamodzi ndi mkulu wawo Jacques. Muyezo unaonetsa kuti mwala wa pitchblende uli ndi mphamvu yoposa yureniyamu yomwe ili m'kati mwake. Anakhulupirira manambalawo, ndipo mu 1898 iwo ndi amuna awo analengeza zinthu ziwiri zatsopano, poloniyamu ndi rediyamu. Atatakasa matani a miyala m'shedi yodontha, mu 1902 anapeza mchere wa rediyamu wosaposa gawo limodzi mwa magawo 10 a galamu. Mu 1903 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Pierre ndi Becquerel.

Pierre anamwalira mu Epulo 1906 atagundidwa ndi ngolo yokokedwa ndi akavalo, n'kuwasiyira ana aakazi awiri. Chaka cha 1911 chinali chowawanso. Nyuzipepala zina zinkawanyoza kuti ndi mlendo, n'kumanama kuti ndi Myuda. Kenako makalata omwe ankalemberana ndi wasayansi Paul Langevin, yemwe anali wapabanja, anabedwa n'kusindikizidwa. Gulu la anthu okwiya linazinga nyumba yawo ku Sceaux, moti anathawa ndi ana. Mmodzi wa akuluakulu a mphoto ya Nobel anawalangiza kuti asapite ku Stockholm, koma iwo anapita n'kukalandira mphoto yachiwiri, ya kemisitili.

Chaka chomwecho anakonza muyezo wa rediyamu wa dziko lonse, mamiligalamu pafupifupi 22 otsekeredwa m'kachubu kagalasi, womwe unakasungidwa ku Sèvres. Kuyambira pamenepo, wogulitsa rediyamu sakanangonena pakamwa kuchuluka kwake, ankayenera kufananiza ndi muyezowo.

Nkhondo itabuka mu 1914, anaopa kuti rediyamu ya mu labotale yawo, pafupifupi galamu imodzi, igwa m'manja mwa asilikali a Germany. Anaiika m'bokosi la mtovu, n'kukwera nayo okha sitima mpaka ku Bordeaux, komwe inatsekeredwa kubanki. Atabwerera anakonza magalimoto pafupifupi 20 okhala ndi makina a X-ray ounikira asilikali ovulala.

Chezacho sichinawasiye. Anamwalira pa 4 Julayi 1934 ali ndi zaka 66, thupi litasiya kupanga magazi okwanira. Mabuku omwe ankalembamo amasungidwabe m'mabokosi a mtovu ku Paris, pakuti mphamvu ya rediyamu imatenga zaka pafupifupi 1,600 kuti itsike ndi theka. Mu 1995 mafupa awo anawasamutsira ku Panthéon.

Zomwe ankapewa pa ulendo wa ku Bordeaux, kuti chuma chotere chisagwe m'manja olakwika, zinaoneka ku Goiânia m'dziko la Brazil mu 1987. Anthu awiri anatenga makina ochizira khansa m'chipatala chosiyidwa, n'kuwaphwasula kuti agulitse zitsulo. Anthu anayi anamwalira, ndipo oposa 100,000 anakayezedwa. Mphekesera zinali mbwee, koma chinasiyanitsa okhudzidwa ndi osakhudzidwa ndi muyezo.

Tizipangizo toyezera dothi tili ndi mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi makina aja, ndipo ngozi imakula munthu akatiswa. Kuno ku Mozambique, bungwe loyang'anira zipangizo zotere ndi ANEA. Amene wapeza bokosi lokhala ndi chizindikiro cha mapiko atatu pachikasu asalitsegule, asaligulitse kwa ogula zitsulo zakale. Atalikire, n'kudziwitsa apolisi kuti abwere ndi akatswiri oyeza.