Arthur Cayley

Arthur Cayley (16 Ogasiti 1821 – 26 Januwale 1895) anali katswiri wa masamu wa ku England. Amadziwika kwambiri poyambitsa njira yojambulira magulupu a masamu ndi madontho komanso mivi. Chojambula chotere chimatchedwa girafu ya Cayley.

Ubwana ndi maphunziro

Cayley anabadwira ku Richmond, koma anakulira ku Saint Petersburg m'dziko la Russia, kumene bambo ake ankachita malonda, mpaka 1829. Analowa Trinity College ku Cambridge mu 1838, ndipo mu 1842 anakhala woyamba pa mayeso a masamu. Kuyambira 1849 anagwira ntchito ya uloya ku London kwa zaka 14, koma sanasiye masamu: pa nthawiyi analemba nkhani za kafukufuku zoposa 200. Mu 1863 anakwatira Susan Moline ndipo anakhala pulofesa ku Cambridge, ngakhale malipiro ake anali ochepa poyerekeza ndi a uloya.

Magulupu ndi girafu yake

Pa masamu, gulupu ndi gulu la zinthu zimene ziwiri zilizonse zikaphatikizidwa motsatira lamulo limodzi zimatulutsa chinthu cha m'gulu lomwelo, ndipo sitepe iliyonse imatha kubwezedwa. Mu 1854 Cayley anafotokoza gulupu pogwiritsa ntchito tebulo. Mu 1878 anasonyeza kuti gulupu yokhala ndi zinthu zowerengeka itha kujambulidwa: dontho lililonse limaimira chinthu chimodzi, ndipo muvi umalozera kumene sitepe imodzi ikufikitsa. Masitepe osiyana amajambulidwa ndi mivi ya mitundu yosiyana.

Chitsanzo chapafupi ndi wotchi. Maola 12 ndi madontho 12, sitepe ndi kuwonjezera ola limodzi, choncho girafuyo imatuluka yozungulira. Mu girafu ya Cayley, mivi yotuluka pa dontho lililonse imakhala yofanana kuchuluka, ndipo girafuyo imaoneka chimodzimodzi kuchokera pa dontho lina lililonse. Masitepe osankhidwawo akamakwanira kupanga gulupu yonse, pamakhala njira yochokera pa dontho lililonse kukafika pa lina.

Imfa ndi chikumbutso

Cayley anamwalirira ku Cambridge ali ndi zaka 73. Nkhani zake 967 zinasonkhanitsidwa m'mabuku 13. Magirafu ake akugwiritsidwabe ntchito pokonza kalumikizidwe ka makompyuta. Mu 2010 akatswiri anatsimikiza kuti kyubu ya Rubik itha kukonzedwa ndi masitepe osaposa 20, chomwe ndi mtunda wautali kwambiri pakati pa madontho awiri a girafu ya Cayley ya kyubuyo.