Nkosi Mpezeni Woyamba ndi Magwero a Mpingo Wathu

Pamene tikukondwerera zaka 50 za mpingo wathu uno, taona kuti n'koyenera kukumbukira munthu amene dzina lake silipezeka m'mabuku athu a ubatizo, koma mbiri yathu singanenedwe bwino popanda iye. Munthuyo ndi Nkosi Mpezeni Woyamba, mfumu ya Angoni a kuno ku Chipata.

Mpezeni anali mwana wa Zwangendaba Jere, mtsogoleri amene anachoka ndi anthu ake kumwera kwa Africa m'nthawi ya nkhondo za Shaka. Pamene Angoni anaoloka mtsinje wa Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa, Mpezeni anali akali mwana. Anakulira paulendo, mpaka gulu lonse linafika ku dziko la Ufipa, m'Tanzania wa lero. Kumeneko atate ake anamwalira m'zaka za m'ma 1840, ndipo mkangano wa ufumu unagawa mtunduwo. Abale ake, M'mbelwa ndi Mpherembe, analowera njira zawo. Mpezeni anatsika ndi anthu ake, naoloka Luangwa, nakhala pakati pa Ansenga, ndipo pambuyo pake anakhazikika m'mapiri ndi m'madambo amene tikulimamo lero.

Tisabise kuti ufumu wake unamangidwa ndi nthungo. Magulu ake ankhondo ankathira nkhondo midzi ya Achewa ndi Ansenga, kulanda ng'ombe ndi kugwira anthu. Ogwidwawo ankalowetsedwa m'mabanja a Angoni, ana awo n'kukula ngati Angoni. Popeza amayi ambiri anali Ansenga, ana anayamwa chilankhulo cha amayi awo, ndipo Chingoni chakale chinatsalira makamaka m'nyimbo ndi m'mayamiko a mafumu. N'chifukwa chake mumpingo muno a Jere, a Phiri, a Banda, a Tembo ndi a Zulu akafufuza bwino amapeza kuti ndi pachibale.

Mavuto aakulu anadza ndi Azungu ofuna golide. Mjeremani wina wamalonda, Carl Wiese, anapeza kwa mfumu pepala la chilolezo, ndipo pepalalo linathera m'manja mwa kampani ya North Charterland. Achinyamata, motsogozedwa ndi Nsingo mwana wa mfumu, anakana kuti dziko lawo lipite chotero. Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi ochokera ku Nyasaland anafika ndi mfuti zamphamvu, ndipo nthungo ndi zishango sizinathe kulimba. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa, Nsingo anawomberedwa mu Febuluwale chaka chomwecho. Mpezeni, ali nkhalamba, anadzipereka natengedwa kupita ku Fort Manning, m'dera la Mchinji. Boma latsopano linamanga mzinda wa Fort Jameson, umene lero timautcha Chipata.

Ndi m'masiku a chisoni amenewa pamene mbiri ya mfumuyi inakumana ndi mbiri yathu. Mbiri ya mpingo imatiuza kuti Mpezeni, ngakhale sanali Mkhristu, anavomera kuti aphunzitsi a Mawu a Mulungu alowe m'dziko lake. Uthengawo unafika kwa amishoni a Dachi ku Mvera, ku Nyasaland, ndipo iwo anaupereka kwa mpingo wa ku Orange Free State. Pa 5 Julaye 1899 abusa P.J. Smit ndi J.M. Hofmeyr anafika pamalo amene anawatcha Magwero, kutanthauza chiyambi. Mpezeni anabwezedwa kwawo, namwalira mu 1900, asanaone zipatso za chilolezo chake. Ufumu unapita kwa mdzukulu wake, mwana wa Nsingo.

Kuchokera ku Magwero ntchito inafalikira ku Madzimoyo mu 1903, kenaka ku Nyanje, Nsadzu, Tamanda ndi Katete. Mu 1929 abusa Justo Mwale anadzozedwa kukhala mbusa woyamba wa dziko lino mumpingo wathu, ndipo mu 1966 mpingo unalandira Umwini. Mpingo wathu uno ndi nthambi ya mtengo womwewo. Mwambo wa Nc'wala, umene unaleka nkhondo ija itatha, unadzutsidwanso mu 1980, ndipo chaka ndi chaka dzina la Mpezeni limamveka ku Mtenguleni.

Tikuphunzirapo chiyani? Mulungu amene anagwiritsa ntchito Koresi, mfumu yachikunja, kuti anthu ake abwerere kwawo, anagwiritsanso ntchito mfumu yogonjetsedwa kuti Uthenga ufike kuno. Lero zidzukulu za ogwira anzawo ndi zidzukulu za ogwidwa zimakhala pa benchi imodzi, n'kumwera chikho chimodzi pa Mgonero.

Koma pali nkhawa. Mbiri ya Mpezeni inasungika chifukwa anali mfumu. Nanga ya agogo athu amene anaumba njerwa za nyumba ya mapemphero ino, alaliki amene ankayenda pansi kupita ku masukulu a m'midzi, ndi amayi a Chigwirizano amene anaphikira misonkhano? Gogo mmodzi akaikidwa m'manda, mayina ambiri amapita naye. Tikupempha banja lililonse kuti chaka chino likhale pansi ndi achikulire, lilembe m'kope chiwongo chawo, mudzi umene anachokera, mfumu yawo, ndi munthu woyamba kubatizidwa m'banjamo. Amene ali ndi makadi akale a ubatizo, makalata a ukwati kapena zithunzi, abwere nazo kwa akulu ampingo kuti tizifananitse ndi mabuku athu, ndipo tidzazibweza kwa eni ake. Tikatero, ana amene adzakondwerere zaka 100 adzadziwa amene anawatsogolera.

Ambuye akudalitseni nonse.