Dr Kamuzu Banda: digiri anali nayo, chilolezo n'chimene chinavuta

HARARE – M'mwezi wa Disembala 1958 khamu lalikulu la anthu linasonkhana ku Highfield, limodzi mwa makomboni a anthu akuda mu mzinda wa Salisbury, womwe lero ndi Harare, kudzamvera Dr Hastings Kamuzu Banda. Iwo anali paulendo wobwerera ku Nyasaland kuchokera ku msonkhano wa omenyera ufulu wa maiko a mu Africa womwe unachitikira ku Accra m'dziko la Ghana. Pakati pa khamulo panali mbadwa za ku Nyasaland zomwe zinkakhala ku Highfield ndi ku Harari, komwe lero ndi ku Mbare, zikugwira ntchito m'mafakitale, m'nyumba za azungu ndi kukhonsolo ya mzindawo. Zomwe a Banda analankhula podzudzula chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland zinakwiyitsa boma la azungu, ndipo pasanapite nthawi linawaletsa kupondanso m'dziko la Southern Rhodesia.

Lero a Banda amakumbukiridwa ngati mtsogoleri woyamba wa dziko la Malawi, koma masiku amenewo dzina lawo linkamveka kwambiri chifukwa cha udokotala, popeza madokotala akuda m'chigawochi anali owerengeka. Ulemu umenewu sanaupeze mophweka. Anachita kulemba mayeso a udokotala m'maiko awiri, ndipo ngakhale anapambana konseko, zipatala za kwawo sizinawalandire.

A Banda anabadwira m'boma la Kasungu. Boma lawo linkakondwerera kubadwa kwawo pa 14 Meyi ndi kutchula chaka cha 1906, koma olemba mbiri ambiri amati anabadwa cha m'ma 1898. Maphunziro anayambira ku Mtunthama m'masukulu a mishoni ya Livingstonia, ndipo dzina loti Hastings analitenga kwa mmishonale wa ku Scotland, John Hastings. Cha m'ma 1915 anauyamba ulendo wapansi wolowera kum'mwera, monga ankachitira anyamata zikwizikwi opita ku Halale ndi ku Joni. Anakaima ku Hartley, tawuni yomwe lero ndi Chegutu, pa msewu wochoka ku Harare kupita ku Bulawayo, komwe analembedwa ntchito yosesa pachipatala. Olemba mbiri ya moyo wawo amati maganizo ofuna kudzakhala dokotala anabadwira pamenepo, ataona mmene odwala akuda ankasamalidwira.

M'chaka cha 1917 anapitirira ku South Africa, komwe anagwira ntchito ya ukalaliki ndi yomasulira pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg. Kumeneko analowa mpingo wa African Methodist Episcopal, ndipo bishopu wa mpingowo, William Tecumseh Vernon, analonjeza kuwathandiza pa maphunziro ngati atadzipezera okha njira yokafikira ku America. Ananyamuka mu 1925. Anatsiriza sekondale ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio mu 1928, nakaphunzira pa yunivesite ya Indiana, kenako pa ya Chicago komwe analandira digiri mu 1931. Ali ku Chicago anathandiza katswiri wa zinenero Mark Hanna Watkins, yemwe buku lake la malamulo a Chichewa linasindikizidwa mu 1937. Chaka chomwecho a Banda anatsiriza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College mu mzinda wa Nashville, sukulu yomwe inkaphunzitsa madokotala akuda pa nthawi ya tsankho ku America.

Sanali oyamba kuchokera ku Nyasaland kudutsa pa sukuluyi. Dr Daniel Sharpe Malekebu anatsiriza maphunziro awo pomwepo mu 1917, koma atsamunda anawakaniza kulowa m'dziko lawo, moti anakakhala kaye ku Liberia mpaka mu 1926 pomwe analoledwa kukatsegulanso mishoni ya Providence Industrial ku Chiradzulu.

Vuto la a Banda linali la malamulo. M'chaka cha 1858 dziko la Britain linakhazikitsa bungwe la General Medical Council kuti lizisunga kaundula wa madokotala ovomerezeka. Lamulo lina la mu 1886 linalola kuti ophunzira kunja azilembedwa m'kaundulayo ngati dziko lomwe anaphunzira lili pa mgwirizano ndi Britain wovomerezana mapepala. Pakati pa Britain ndi America panalibe mgwirizano wotere, ndipo maiko omwe anali pansi pa ulamuliro wa Britain, kuphatikizapo Nyasaland, ankatsata kaundula wa ku London. Choncho digiri ya ku Meharry, yomwe a Banda anaivutikira zaka zambiri, sinkawapatsa mphamvu yolembedwa ntchito ya udokotala ku Zomba kapena ku Blantyre.

Njira yomwe inatsala inali yopita ku Scotland. Kuyambira mu 1884 mabungwe atatu a madokotala, awiri a ku Edinburgh ndi limodzi la ku Glasgow, ankalembetsa pamodzi mayeso otchedwa Triple Qualification, ndipo wopambana ankalowa m'kaundula wa General Medical Council. Mayesowa ankalembedwa kwambiri ndi anthu ochokera kunja, kuphatikizapo madokotala achiyuda omwe anathawa ku Germany m'zaka za m'ma 1930. A Banda anakhala ku Edinburgh akubwereza zambiri mwa zomwe anali ataphunzira kale, mothandizidwa ndi mpingo wa Church of Scotland komanso boma la Nyasaland, lomwe linkayembekezera kuti adzabwerera kukagwira ntchito kwawo. Anapambana mu 1941, patatha zaka zinayi chilandirireni digiri ya ku America, ali ndi zaka zoposa 40.

Chilolezo chitapezeka, panabuka chopinga chomwe sichinalembedwe m'lamulo lililonse la zachipatala. Malinga ndi olemba mbiri ya moyo wawo, anamwino achizungu a ku mishoni ya Livingstonia anakana kugwira ntchito pansi pa dokotala wakuda, ndipo boma la atsamunda linkafuna kuwalemba ntchito pokhapokha atavomera kuti sadzakhala pa mlingo umodzi ndi madokotala achizungu pa nkhani ya machezedwe. A Banda anakana, nakhalabe ku Britain. Anagwira ntchito ku Liverpool, komwe anaphunziranso za matenda a m'maiko otentha, kenako ku North Shields pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mu 1945 anatsegula chipatala chawo ku Harlesden mu mzinda wa London. Ambiri mwa odwala omwe ankadza kwa iwo kumeneko anali azungu.

Ndale anaziyamba ali pa ntchito yomweyi. Mu 1945 anaimira chipani cha Nyasaland African Congress pa msonkhano wa Pan-African ku Manchester, ndipo nyumba yawo ku London inasanduka pokumanira anthu ngati Kwame Nkrumah. Mu 1949 iwo ndi Harry Nkumbula wa ku Northern Rhodesia analemba chikalata chotsutsa ganizo la chitaganya. Chitaganyacho chitakhazikitsidwabe mu 1953, a Banda anasamukira ku Kumasi m'dziko la Gold Coast, lomwe lero ndi Ghana, komwe anapitiriza kuona odwala. Achinyamata a m'chipani cha Congress, makamaka Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, ndiwo anawapempha kuti abwerere kudzatsogolera. Anatera pa bwalo la ndege la Chileka pa 6 Julayi 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo anatsegula chipatala chawo ku Limbe. Aka kanali koyamba kuti aone odwala kwawo, patatha zaka 21 chitsirizireni maphunziro ku Meharry.

Ku Southern Rhodesia nakonso zinthu zinali chimodzimodzi. Dr Samuel Parirenyatwa, dokotala wakuda woyamba wa dzikolo, anatsiriza maphunziro awo pa yunivesite ya Witwatersrand mu 1957. Mapepala a ku South Africa ankavomerezeka, choncho iwo sanabwereze mayeso, koma atatumizidwa kukayang'anira chipatala cha Antelope Mine ku Matabeleland, alimi ena achizungu anadandaula poyera. Nawonso analowa ndale, nakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani cha ZAPU, ndipo anamwalira mu Ogasiti 1962. Chipatala chachikulu cha mu Harare chimadziwika ndi dzina lawo.

A Banda anabwereranso ku Southern Rhodesia, koma ngati mkaidi. Pa 3 Malichi 1959 boma la Nyasaland linalengeza kuti m'dziko muli chipwirikiti, linawamanga ndi kuwatumiza ku ndende ya Gwelo, komwe lero ndi ku Gweru. Anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960 ndi kutenga utsogoleri wa Malawi Congress Party, chipani chomwe Orton Chirwa anayambitsa iwo ali m'ndende. Anakhala nduna yayikulu mu 1963, ndipo pa 6 Julayi 1964 dziko la Malawi linalandira ufulu wodzilamulira.

Munthu yemwe ankadziwa kuwawa kwa kukanizidwa kwawo analamulira ndi nkhanza zomwe zinathamangitsa ambiri. Patangopita miyezi iwiri chilandirireni ufulu anasemphana ndi nduna zawo, ndipo Chipembere ndi Chiume, omwe anawaitana aja, anathawira kunja. Mu 1966 Malawi inakhala dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 a Banda analengezedwa kukhala pulezidenti wamuyaya. Anthu ambiri anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, a Mboni za Yehova anazunzidwa ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo Orton Chirwa anamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992. Ngakhale othawira kunja sanali pa mtendere. Dr Attati Mpakati, mtsogoleri wa gulu lotsutsa la LESOMA, anapezeka ataphedwa mu mzinda wa Harare mu 1983, chaka chomwenso andale anayi anaphedwa ku Mwanza.

Pa nkhani ya zaumoyo, ulamuliro wawo unamanga chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, chomwe chinatsegulidwa mu 1977, koma sukulu ya madokotala inachedwa. Ku Salisbury sukulu yotere inatsegulidwa mu 1963, ikupereka madigiri a yunivesite ya Birmingham, ndipo Zambia inatsegula yake ku Lusaka m'zaka za m'ma 1960 zomwezo. Ku Malawi, dziko lolamulidwa ndi dokotala, aliyense wofuna udokotala ankapitabe kunja, ndipo ambiri sankabwerera. Lamulo lokhazikitsa Medical Council of Malawi linadza mu 1987, ndipo College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Ophunzira ake oyamba, omwe anayambira maphunziro ku St Andrews ndi ku London, analandira madigiri awo mu 1992.

Kusiyana kwa digiri ndi chilolezo, komwe kunadyera a Banda zaka zinayi, kulipo mpaka lero. Mwana wa ku Mbare, ku Mufakose kapena ku Mabvuku, makomboni omwe muli zidzukulu zambiri za anthu ochokera ku Malawi, akaphunzira udokotala ku China, ku Russia kapena ku Cuba, sangayambe kuona odwala asanapite ku Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe. Ku Malawi ntchitoyi ili m'manja mwa Medical Council of Malawi, ndipo ku Zambia ili ndi Health Professions Council of Zambia. Ndondomeko zimasiyana pang'ono, koma mutu wake ndi umodzi. Bungwe limatsimikiza kaye kuti sukulu yomwe munthu anaphunzira ndi yovomerezeka ndiponso kuti mapepala ake ndi enieni. Kwa yemwe anagwirapo kale ntchito kwina, limafuna kalata yochokera ku bungwe la kumeneko yosonyeza kuti alibe mlandu pa ntchito yake. Kenako limayesa luso lake, kudzera m'mayeso kapena pomuika m'chipatala chachikulu kuti akuluakulu amuone mmene akugwirira ntchito.

Wopambana amalembedwa m'kaundula wongoyembekezera, nagwira ntchito moyang'aniridwa, akuzungulira m'zigawo za ana, amayi oyembekezera, opaleshoni ndi matenda a akulu. Ku Zimbabwe nthawi imeneyi ndi zaka ziwiri, ku Malawi ndi miyezi 18. Akatsiriza ndi pomwe amalembedwa m'kaundula weniweni, ndipo khomo la maphunziro a ukatswiri limatseguka. Ku America, komwe digiri yake inali yosakwanira kwa a Banda, nakonso dokotala wophunzira ku Blantyre kapena ku Harare saloledwa kuyamba maphunziro a ukatswiri m'chipatala asanapambane mayeso a USMLE ndi kulandira chiphaso cha bungwe la ECFMG, lomwe linakhazikitsidwa mu 1956. Cholinga cha zonsezi n'kuteteza odwala, ndipo khungu la munthu, lomwe linatsekereza a Banda atakwaniritsa zonse zofunika, silili m'gulu la zofunsidwa.

Ulamuliro wa a Banda unatha Amalawi atasankha ndale za zipani zambiri pa 14 Juni 1993, ndipo pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 anagonja kwa Bakili Muluzi. Anazengedwa mlandu wa imfa za ku Mwanza ndipo khoti linawamasula mu Disembala 1995. Anamwalira pa 25 Novembala 1997 m'chipatala cha Garden City Clinic ku Johannesburg, naikidwa ku Lilongwe, komwe chiliza chawo chinatsegulidwa mu 2006. Kuyambira mu 2021 College of Medicine ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, yunivesite yomwe imaphunzitsa madokotala ndi akatswiri a zachipatala m'dziko momwemo.