Victor Hess, munthu amene anakwera kukaona yekha

Victor Franz Hess anabadwa pa 24 Juni 1883 m'dziko la Austria, ndipo anaphunzira sayansi pa yunivesite ya Graz. M'masiku amenewo akatswiri ankadziwa kuti mumpweya muli cheza china chosaoneka ndi maso, ndipo ambiri ankati chimachokera m'miyala ndi m'nthaka. Zikanakhala choncho, chezacho chikanamachepa munthu akamakwera m'mwamba.

Hess sanakhutire ndi zakumva. M'zaka za 1911 ndi 1912 anakwera chibaluni kangapo, usana ndi usiku, atanyamula zipangizo zoyezera. Pa 17 Epulo 1912 anayeza panthawi ya kadamsana, koma chezacho sichinachepe ngakhale dzuwa linaphimbika. Pa 7 Ogasiti chaka chomwecho anakwera mamita oposa 5,000, kumene kumazizira koopsa ndipo mpweya umaperewera. Kumeneko anapeza kuti chezacho n'chochuluka kuposa pansi pano, natsimikiza kuti chimachokera kuthambo. Anzake ena anakayika kwa zaka zambiri, koma kuona maso a nkhono n'kudekha: mu 1936 analandira mphoto ya Nobel.

Ulemu umenewu sunamutchinjirize. Chipani cha Nazi chitalanda Austria mu 1938, Hess anachotsedwa ntchito ku Graz, popeza mkazi wake anali wa mtundu wa Chiyuda ndiponso iye ankagwirizana ndi boma limene linagwetsedwa. Awiriwo anathawira limodzi ku America, kumene anakaphunzitsa pa yunivesite ya Fordham ku New York. Iye anali Mkatolika, ndipo mu 1946 analemba nkhani yofotokoza kuti sayansi sinamulekanitse ndi chikhulupiriro chake mwa Mulungu. Anamwalira pa 17 Disembala 1964.

Ntchito yake ikupitirira. Ku Argentina, malo ofufuzira a Pierre Auger ayala zipangizo padera la masikweya kilomita 3,000 kuti agwire cheza champhamvu koposa. Ku Antarctica, zipangizo za IceCube zinakwiriridwa mu ayezi wakuya, ndipo mu 2013 akatswiri analengeza kuti zagwira tinthu totchedwa neutrino tochokera kutali m'thambo.

Okondedwa, nkhani zambiri zimene zimaswa mabanja ndi mipingo zimayamba ndi zakumva zimene palibe anazifufuza. Hess analolera kuzizidwa kuti aone yekha zoona, ndipo ataziona anadikira zaka 24 kuti dziko limulemekeze. Tisanaweruze mnzathu, tiyeni tiyambe tapita kukaona.